Chikonga, Kolesitolo ndi Makomo a Selo

Kuyambira Januwale mpaka Malichi, ntchito yaikulu m'zigwa za Kasungu imakhala kuthyola fodya. Ku Santhe, kwa Chulu, kwa Wimbe ndi ku Chamama anthu amalawira mame asanakamuke, n'kumathyola masamba a m'munsi ndi kuwapanira m'khwapa mpaka mtolo utakwana wopita nawo ku chigafa. Malaya amanyowa, manja amada ndi phula la fodya. Dzuwa likamapendeka ena amayamba kumva chizungulire, nseru ndi litsipa, thupi lonse lili lefu, mwina mpaka kusanza. Ambiri amangoti ndi malungo, ena amati ndi njala. Koma kawirikawiri chimakhala chikonga, chomwe ena amati nikotini, chimene chasungunuka m'mame ndi m'thukuta n'kulowera pakhungu.

Madokotala anayamba kulemba za vutoli mu 1970 ku Florida, m'dziko la America, ndipo limadziwika kuti matenda a fodya wamuwisi. Kuno kwathu nkhaniyi inamveka kwambiri mu 2009, pamene bungwe la Plan International linatulutsa lipoti la ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'maboma a Kasungu, Lilongwe ndi Mzimba. Lipotilo linati pa tsiku lachinyezi thupi la mwana lingathe kumwa mamiligalamu 54 a chikonga, ofanana ndi kusuta ndudu pafupifupi 50.

Kodi chinthu chochokera m'tsamba chimatha bwanji kulamula mimba, mtima ndi mutu wa munthu woti sanasutepo? Mabuku a sukulu amayankha kuti pamwamba pa maselo athu pali mapuloteni olandira uthenga, otchedwa marisepita, ndipo chikonga chimakakhala pa ena mwa iwo. Yankholi ndi loona, koma ndi theka chabe. Risepita sikhala m'malere. Inazikika m'kakhungu kopyapyala ka mafuta komwe kanakuta selo, ndipo kafukufuku wa zaka pafupifupi 50 wasonyeza kuti mafutawo amalamula nawo zimene risepita imachita: kutseguka kapena kukana, kufulumira kapena kuchedwa, kukhala pamalo pake kapena kumezedwa ndi selo. Risepita imene yaphunzitsa asayansi zambiri pa nkhaniyi ndi yomweyo imene imadwalitsa wothyola fodya.

Mmene fodya anaululira marisepita

Mu 1905 John Newport Langley, katswiri wa ku Cambridge, anabaya nkhuku chikonga n'kuona minofu ya mwendo ikukungika. Anadula minyewa yopita ku minofuyo n'kudikira kuti ife, koma chikonga chinkakungabe mnofu. Ataonjezera curare, ulembe wa alenje a ku South America, mphamvu ya chikonga inatha, chonsecho mnofuwo unkakokabe akaugunda ndi magetsi. Langley anatsimikiza kuti pa mnofu payenera kukhala chinthu china cholandira mankhwala, chosiyana ndi minyewa komanso chosiyana ndi mbali ya mnofu imene imakoka. Ganizo la risepita linakhazikika kuchokera pamenepo.

Thupi silinapange risepitayi kuti lizilandirira fodya. Mwini wake ndi acetylcholine, mankhwala amene mnyewa umatulutsa pofuna kuuza mnofu kuti ukoke kapena popereka uthenga kwa mnyewa unzake. Mu 1914 Henry Dale anaona kuti acetylcholine amagwira ntchito m'njira ziwiri, ndipo imodzi imafanana ndi ya chikonga. Fodya amapanga chikonga ku mizu n'kuchitumiza ku masamba kuti chizipha tizilombo tomudya, poti nato tili ndi marisepita a mtundu womwewu. Mlimi akadula nsonga ndi kuchotsa mphukira, chikonga cha m'masamba chimachuluka. Nawo mankhwala a imidacloprid, omwe alimi amathira ku nazale pothana ndi nsabwe za fodya, amakagwira pa risepita yomweyi ya tizilombo.

Kuchokera pa ntchito ya Langley, panapita zaka 65 kuti munthu aipatule risepitayo payokha. Mu 1970 Jean-Pierre Changeux wa ku Institut Pasteur ku Paris anaichotsa m'nsomba yamagetsi ya ku South America, mothandizidwa ndi ululu wa njoka ya ku Taiwan womwe Chen-Yuan Lee anapeza kuti umakakamira pa risepitayo. Pambuyo pake ofufuza ambiri anatembenukira kwa Torpedo, nsomba ya m'nyanja zamchere yomwe chiwalo chake chamagetsi n'chodzaza ndi marisepitawa. Lero mamangidwe ake ndi odziwika. Ndi mapuloteni asanu oima mozungulira, pakati pawo pali kabowo. Acetylcholine kapena chikonga chikakhala kumutu kwake, kunja kwa selo, kabowoko kamatseguka kwa kanthawi kosakwana n'kuphethira komwe, sodiyamu amakhamukira m'kati, selo n'kudzuka. Puloteni iliyonse mwa zisanuzo imaboola kakhungu kanayi, ndipo zigawo zinayizo amazitcha M1, M2, M3 ndi M4. M2 ndiye amazungulira kabowo, pomwe M4 ali kunja kwenikweni, atakhudzana ndi mafuta.

Marisepita a mtunduwu ali pa minofu, ali m'mfundo za minyewa zoyendetsa mtima, matumbo ndi thukuta, alinso mu ubongo. N'chifukwa chake wothyola fodya amamva zonse nthawi imodzi: nseru, malovu, thukuta ndi mtima kugunda mosinthasintha. Mtundu wa mu ubongo wotchedwa α4β2 ndi umene uli pa phata pa chibaba cha fodya.

Kakhungu ka mafuta

Mu 1925 Gorter ndi Grendel a ku Leiden anatenga mafuta a m'maselo ofiira a magazi n'kuwayala pamwamba pa madzi. Malo amene mafutawo anakuta anali pafupifupi kawiri kukula kwa pamwamba pa maselowo, choncho iwo anati kakhungu ka selo ndi mafuta osanjikizana kawiri. Molekyu ya mafuta oterewa ili ndi mutu wokonda madzi ndi michira iwiri yothawa madzi. Mitu imayang'ana kunja ndi m'kati mwa selo, komwe kuli madzi, michira n'kukumana pakati. Kukhuthala kwa kakhunguka ndi pafupifupi mananomita 5, kutanthauza kuti mutasanjikiza tikhungu 200,000 mpamene mungakwanitse milimita imodzi. Chikonga chimasungunuka m'madzi ndi m'mafuta momwe, motero chimachoka m'mame, kudutsa khungu la munthu ndi tikhungu ta maselo popanda chochitsekereza. Kwa wosuta, chimafika mu ubongo pa masekondi 10 mpaka 20.

Mu 1972 S. J. Singer ndi Garth Nicolson anafotokoza kuti kakhunguka ndi kamadzimadzi, ndipo mapuloteni amayandamamo n'kumayendayenda. Mafotokozedwe awo anathandiza kwambiri, komabe ambiri anatengapo maganizo akuti ntchito yonse ndi ya mapuloteni, mafuta angokhala pogonera. Zimene zinadziwika pambuyo pake sizikugwirizana ndi maganizowo. Selo limodzi limapanga mitundu ya mafuta yoposa 1,000, m'magulu akuluakulu atatu: ma phospholipid, ma sphingolipid ndi kolesitolo. M'kakhungu kakunja ka maselo athu, pa mamolekyu 10 aliwonse a mafuta, atatu kapena anayi amakhala kolesitolo. Mbali ziwiri za kakhunguka sizifanananso. Mafuta okhala ndi mphamvu ya magetsi ya negativu, monga phosphatidylserine, selo limawasunga mbali ya m'kati, ndipo limataya mphamvu tsiku ndi tsiku kuti zikhalebe choncho. Selo silikanadzivutitsa ndi zonsezi likanakhala kuti likungofuna chodzikutira.

Risepita yopanda kolesitolo

Umboni woyamba unabwera ndi zovuta za m'labotale. Ofufuza akachotsa risepita m'nsomba ndi mankhwala onga sopo n'kuibwezera m'kakhungu kochita kupanga, nthawi zina inkagwira ntchito, nthawi zina ayi, ndipo chosiyanitsa chinali mafuta amene aikamo. Mu 1978 Derek Marsh ndi Francisco Barrantes ku Göttingen anasonyeza kuti mafuta oyandikana ndi risepita sayenda momasuka ngati anzawo akutali, risepitayo imawagwira. Mu 1986 T. M. Fong ndi Mark McNamee ku California anasakaniza mafuta mosiyanasiyana, ndipo anapeza kuti kabowo kamatseguka bwino pakakhala zinthu ziwiri: kolesitolo ndi mafuta a negativu, makamaka phosphatidic acid. Akaiika risepitayo mu phosphatidylcholine yekha, yemwe ndi phospholipid wochuluka kwambiri m'maselo athu, mchere sunkadutsa.

Kwa zaka zambiri akatswiri ankaganiza kuti risepita yotereyi yangotopa. Kutopa kwa risepita n'kodziwika: chikonga chikakhalitsa, risepita imatseka kabowo kwinaku itachigwira chikongacho mwamphamvu, ndipo imafuna nthawi kuti ibwerere mwakale. Koma mu 2009 Corrie daCosta ndi John Baenziger a ku yunivesite ya Ottawa anasonyeza kuti ili ndi vuto lina. Risepita ya mu phosphatidylcholine yekha imalandira acetylcholine monga momwe imachitira yopuma bwino, koma uthenga suchoka kumutu kukafika ku kabowo. Mutu ndi thunthu zalekana.

Amene anagonapo m'nyumba ya zidina nthawi ya dzinja akuzidziwa izi. Khoma likamwa madzi n'kupendekeka, felemu imapotoka. Kiyi amalowa, loko amatembenuka, koma chitseko osatseguka. Kiyi ndi loko alibe mlandu, vuto lili m'khoma. Mabuku ambiri amaphunzitsa za risepita ngati nkhani ya kiyi ndi loko basi, osatchulako khoma momwe chitsekocho chinamangidwa.

Baenziger ndi anzake akuganiza kuti M4 ndiye amamva mafuta. Mafuta oyenera amakankhira M4 kuti agundane bwino ndi M1 ndi M3, ndipo nsonga yake imakhudza mbali ya mutu yomwe imatumiza uthenga ku kabowo. Mafuta akasintha, M4 amatayirira, kulumikizana n'kutha. Umboni wina ukuchokera kwa odwala. Pali matenda obadwa nawo ofooketsa minofu omwe mwa anthu ena amabwera chifukwa choti kachidutswa kamodzi kokha ka M4, pa malo a nambala 418, kanasintha. Kachidutswako sikakhudza acetylcholine, sikali m'kabowo, kanayang'ana ku mafuta. Koma chifukwa cha iko, kabowo kamachedwa kutseka, ndipo pamalo pokumanira mnyewa ndi mnofu pamawonongeka pang'onopang'ono.

Njira zinayi zimene mafuta amalamulira

Njira yoyamba ndi ya kakhungu konse, kukhuthala kwake ndi kulimba kwake. Kolesitolo ndi molekyu youma, yophwatalala. Akalowa pakati pa michira ya mafuta amaiwongola, kakhungu n'kukhuthala ndi kulimba. Mafuta a michira yopindikapindika, monga omega-3 wa m'nsomba, amachita zosiyana, amakafewetsa. Mbali ya risepita yomira m'mafuta ili ndi msinkhu wake, ndipo kakhungu kakapyapyala kapena kukhuthala mopitirira, puloteniyo imapendekeka kapena mafuta amakokeka. Popeza risepita imasintha maonekedwe nthawi iliyonse ikamatseguka, imayenera kukankha mafuta oizungulira, ndipo kulimba kwa mafutawo kumachulukitsa kapena kuchepetsa mphamvu yofunika. Mu 2013 gulu la ku Ottawa lija linapeza kuti risepita yolekana ija ikaikidwa m'kakhungu kokhuthala, imayambanso kusintha maonekedwe acetylcholine akabwera, ngakhale mochedwa.

Chitsanzo china chili m'diso. Rhodopsin, risepita yolandira kuwala, imakhala m'tikhungu momwe gawo lalikulu la michira ya mafuta, mwa nyama zina kufika theka, ndi DHA, mtundu wa omega-3 wopindika malo asanu ndi limodzi. Poyesa m'labotale, rhodopsin ya mu DHA imafika mosavuta pa maonekedwe ake ogwira ntchito, pamene kolesitolo wambiri amaibweza m'mbuyo. Choncho palibe mafuta abwino kwa marisepita onse. Kolesitolo amene risepita ya chikonga imamufuna ndi yemweyo amene amalemetsa rhodopsin.

Njira yachiwiri ndi ya kugwirana kwenikweni, molekyu imodzi ya mafuta kukhala pamalo pake pa risepita. Mu 1988 Jones ndi McNamee anaona zizindikiro zakuti kolesitolo ali ndi malo akeake pa risepita ya chikonga omwe ma phospholipid safikapo, koma nthawi imeneyo panalibe chida choonera malowo. Makina a cryo-EM, omwe amajambula mapuloteni oumitsidwa ndi chisanu, ndipo oyambitsa luso lake analandira mphoto ya Nobel mu 2017, asintha zimenezi. Mu 2018 gulu la Ryan Hibbs ku Dallas linajambula α4β2 chikonga chili pomwepo, ndipo m'mphako za pakati pa zigawo zake, mbali yoyang'ana m'kati mwa selo, munaoneka mamolekyu a mtundu wa kolesitolo. Nigel Unwin wa ku Cambridge, yemwe wakhala akujambula risepita ya Torpedo kwa zaka zambiri, anaonanso kolesitolo atadziphatika pakati pa zigawo za risepitayo ili m'kakhungu kake kachilengedwe.

Izi sizikuchitika kwa risepita ya chikonga yokha. Banja lalikulu kwambiri la marisepita ndi la GPCR, lomwe mwa munthu lili ndi mitundu pafupifupi 800, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mankhwala ovomerezeka limadzera mwa iwo. Salbutamol wa odwala mphumu amagwira pa imodzi mwa iwo, ya β2, ndipo pamene Brian Kobilka, Raymond Stevens ndi anzawo anaijambula mu 2007, kolesitolo anali atamatirirapo. Risepita ya oxytocin, mankhwala amene azamba amabaya mayi akangobereka kuti chiberekero chikungike magazi asataike, ndi yosankha kwambiri. Gerald Gimpl ndi Falk Fahrenholz ku Mainz anasonyeza m'zaka za m'ma 1990 kuti kolesitolo akachotsedwa, risepitayo imagwira oxytocin mofooka, ndipo akabwezeretsedwa mphamvu imabwerera. Atayesa mamolekyu ena ofananako ndi kolesitolo, risepita ya oxytocin inalola ochepa okha oumbidwa pafupi kwambiri ndi iye, pamene risepita ina ya m'banja lomwelo, ya cholecystokinin, inkangotsata kulimba kwa kakhungu. Marisepita awiri apachibale, wina akutsata njira yachiwiri, wina yoyamba.

Njira yachitatu ndi ya malo: mafuta amasankha komwe risepita ikhale ndiponso oyandikana nayo. Mu 1997 Kai Simons ndi Elina Ikonen anapereka ganizo lakuti kolesitolo ndi ma sphingolipid amaunjikana m'timagulu tolimbirapo, totchedwa lipid rafts, ndipo marisepita ena amasonkhana m'menemo pamodzi ndi mapuloteni ogwira nawo ntchito. Pamalo pokumanira mnyewa ndi mnofu, marisepita a acetylcholine amathithikana pafupifupi 10,000 pa kamalo ka maikulomita imodzi m'litali ndi m'lifupi, ndipo akabalalika kapena kuchepa uthenga umafooka. Barrantes, atabwerera kwawo ku Argentina, anapeza kuti kolesitolo akachepetsedwa m'kakhungu, selo limameza marisepita ake mofulumira, otsala panja n'kukhala ochepa.

Matenda awiri amene mabanja ambiri m'Malawi akuwadziwa akukhudzidwanso apa. Pa matenda a shuga, risepita ya insulini imafooka ikazunguliridwa ndi sphingolipid wotchedwa GM3 wambiri, ndipo mu 2003 ofufuza anapeza kuti mbewa zosatha kupanga GM3 zimamva insulini bwino koposa zinzake, ngakhale zitadyetsedwa zakudya zamafuta ambiri. Nako kachilombo ka HIV kamalowa m'selo pogwira risepita ya CD4 pamodzi ndi ya CCR5 kapena CXCR4, ndipo chikuto chake, chomwe kamachitenga ku selo limene kanatulukamo, n'chodzaza ndi kolesitolo ndi ma sphingolipid. M'labotale, kuchotsa kolesitolo ku selo kapena ku kachilomboko kumachepetsa kulowa kwake.

Njira yachinayi ndi yakuti mafutawo amakhala uthenga, kapena risepita, paokha. PIP2 ndi wochepa kwambiri, pafupifupi 1 pa 100 ya mafuta a kakhungu, ndipo amakhala mbali ya m'kati. Makomo ambiri a potaziyamu satseguka iye palibe. Acetylcholine akakhala pa risepita ya njira yake ina ija ya Dale, selo limadula PIP2, makomo ena a potaziyamu amatseka, mnyewa n'kukhala watcheru. Byung-Chang Suh ndi Bertil Hille anasonyeza zimenezi ku Seattle mu 2002. Apa risepita ikulamula khomo lina posintha mafuta omwe onse awiri akhalamo. Poizoni wa kolera ndiye sachita kufuna puloteni n'komwe. Amamatirira pa GM1, mafuta okhala ndi mutu wa shuga pa maselo a m'matumbo, monga Jan Holmgren wa ku Sweden ndi ofufuza ena anapezera mu 1973. Akatero amatengedwa kulowa m'selo n'kulichititsa kutaya mchere ndi madzi osaleka. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022, n'kufika m'maboma onse a dziko lino ndi kupha anthu oposa 1,700, unkagwira matumbo a odwala kudzera mu poizoni ameneyu.

Pomwe akatswiri akutsutsanabe

Kuti mafuta amasintha ntchito ya risepita, palibenso wotsutsa. Mkangano uli pa kukula kwa mphamvu yawo ndi njira imene ikugwira ntchito m'thupi lamoyo. Timagulu ta Simons ndi Ikonen tadzetsa mtsutso kwa zaka zoposa 25. Umboni woyamba unapezeka posungunula maselo ndi sopo wozizira, ndipo ena anati mwina sopoyo ndi kuzizirako ndi zimene zinapanga timaguluto. Masiku ano ambiri amavomereza kuti tilipo, koma ndi tating'ono zedi, pakati pa mananomita 10 ndi 200, ndipo timapangika n'kutha m'kanthawi kochepa. Akihiro Kusumi wa ku Japan wasonyezanso kuti ulusi wa mapuloteni wa pansi pa kakhungu umagawa malo ndi kutsekereza marisepita, kotero si zonse zochitika chifukwa cha mafuta.

Zida zofufuzira nazo zili ndi polekezera. Mankhwala a cyclodextrin, omwe amagwiritsidwa ntchito pochotsa kolesitolo, amasintha zinthu zingapo nthawi imodzi: kakhungu kamafewa, malo a kolesitolo pa risepita amatsala opanda kanthu, timagulu timabalalika. Kudziwa chimene chabweretsa zotsatira n'kovuta. Zithunzi za cryo-EM zimasonyeza puloteni yoima chilili m'chisanu, kawirikawiri m'mafuta osankhidwa ndi wofufuza, mwinanso ndi molekyu yofanana ndi kolesitolo m'malo mwa kolesitolo weniweni. Kuona molekyu pamalo sikutsimikiza kuti ikugwirapo ntchito. Ndipo zambiri za risepita yolekana mutu ndi thunthu zinapezeka pa risepita ya nsomba, m'tikhungu tochita kupanga.

Mbiri ya mankhwala ogonetsa pa opaleshoni imachenjeza mbali zonse ziwiri. Hans Meyer mu 1899 ndi Charles Overton mu 1901 anapeza kuti mankhwala osungunuka kwambiri m'mafuta ndiwo amagonetsa mwamphamvu, ndipo kwa zaka 80 akatswiri ankakhulupirira kuti mankhwalawa amangosokoneza mafuta a kakhungu. Mu 1984 Nicholas Franks ndi William Lieb ku London anasonyeza kuti mankhwala omwewo amafooketsa puloteni yopanda mafuta alionse. Amene ankaona mafuta okha anaphonya, monganso amaphonyera amene amaona puloteni yokha.

Zimene tingatengepo

Choyamba, nkhaniyi sikutanthauza kuti munthu adye mafuta ambiri kuti marisepita ake azigwira bwino ntchito. Selo limayang'anira lokha kolesitolo wa m'kakhungu kake: akachepa limapanga wina kapena kumutenga m'magazi, akachuluka limaleka. Michael Brown ndi Joseph Goldstein analandira mphoto ya Nobel mu 1985 chifukwa chofotokoza dongosolo limeneli. Ubongo, womwe umasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a kolesitolo yense wa m'thupi, umadzipangira wokha, poti wa m'magazi saloledwa kulowamo. Kolesitolo wotseka mitsempha ya magazi ndi vuto lenileni, ndipo amene anapatsidwa mankhwala ake kuchipatala asawasiye chifukwa cha nkhani ino.

Pomwe chakudya chimafika ndithu m'kakhungu ndi pa mafuta amene thupi limavutika kupanga okwanira, monga DHA, makamaka mwana akamakula. Kafukufuku wochitika kumwera kwa dziko lino pa ana onyentchera kwambiri, yemwe zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2022, anayerekeza chiponde cha nthawi zonse ndi chiponde chochepetsedwa omega-6 n'kuonjezeredwa DHA. Patatha miyezi 6, ana amene anadya chachiwirichi anachita bwino pa mayeso a kakulidwe ka nzeru. Kafukufukuyu sanayeze marisepita, koma akugwirizana ndi zimene labotale imasonyeza, kuti mtundu wa mafuta ndi nkhani yaikulu, osati kuchuluka kwake kokha.

Kwa wogwira ntchito m'fodya, phunziro ndi lakuti chikonga chikadutsa khungu palibe chakudya chochibweza. Ambiri amakhulupirira kuti kumwa mkaka kumatsuka fodya m'thupi, koma mkaka suchotsa chikonga m'magazi kapena pa risepita. Chiwindi ndicho chimachiphwanya, ndipo matenda a fodya wamuwisi amatha pakapita tsiku limodzi mpaka atatu. Chitetezo chenicheni chili pakhungu: kudikira masamba aume ngati n'kotheka, kuvala magolovesi ndi chovala chosalowa madzi, kusintha zovala zikanyowa, kusamba ndi sopo mukangoweruka, ndi kusalola ana kugwira fodya wamuwisi, poti thupi lawo ndi laling'ono ndipo mlingo womwewo umawapweteka koposa. Eni maesiteti ndi makampani ogula fodya ku Chinkhoma ndi ku Kanengo ali ndi udindo woonetsetsa kuti zovala zoterezi zikufika kwa wothyola. Tiyeneranso kudziwa kuti mankhwala ophera tizilombo a gulu la organophosphate amaletsa thupi kuphwanya acetylcholine, motero acetylcholine amasefukira pa marisepita omwewa ndipo zizindikiro zimayamba mofanana, koma iwo amatha kupha. Munthu wosanza kwambiri, wotuluka dovu kapena wobanika atachoka kumunda athamangitsidwe kuchipatala, ndipo adokotala auzidwe zimene amagwira.

Phindu lalikulu la kafukufukuyu likuoneka pa kapangidwe ka mankhwala, ndipo chitsanzo chake tili nacho kale m'manja. Ivermectin, yemwe amagawidwa ku Thyolo, Mulanje ndi Mwanza pothana ndi nyongolotsi zoyambitsa zokanda ndi khungu la maso, ndiponso alimi amabaya ng'ombe ndi mbuzi, amagwira pa risepita ya nyongolotsi yomwe ndi yapachibale ndi ya chikonga. Mu 2011 Ryan Hibbs ndi Eric Gouaux anajambula malo amene amakhala. Si kumutu kumene uthenga umafikira ayi. Amayamba wasungunuka m'mafuta a kakhungu, kenako n'kudzilowetsa cham'mbali pakati pa M3 wa puloteni imodzi ndi M1 wa inzake, kabowo n'kukhala kotseguka mpaka nyongolotsi kufa ziwalo. Malo ngati amenewa, oyang'ana ku mafuta, amasiyana kwambiri pakati pa marisepita apachibale kuposa malo a kumutu, choncho akupereka mwayi wopanga mankhwala osankha risepita imodzi n'kusiya zinzake.

Dziko limene pafupifupi theka la ndalama zake zakunja limachokera ku fodya siliyenera kuona sayansi ya chikonga ngati nkhani ya eni ake akutali. Ophunzira zaulimi ku Mwimba ndi ku Bunda, ndi ophunzira zaumoyo ku Kamuzu University of Health Sciences, adzakumana ndi marisepita amenewa pa ntchito yawo yonse, m'mankhwala a ku nazale, m'jekeseni wa m'chipinda cha amayi oyembekezera, mwa wodwala wochokera kumunda. Aphunzitsidwe kuti pa risepita iliyonse mafunso ndi awiri: chimene chimakhalapo n'chiyani, ndipo yazikika m'mafuta otani. Funso loyamba lakhala likufunsidwa kuyambira 1905. Lachiwirili mayankho ake ambiri akupezeka m'nthawi yathu ino, ndipo ana a alimi a fodya ali ndi chifukwa chokwanira chokhalira m'gulu la owafunafuna.